Uthenga Wafika, Woyankha Ndani?

Ana anga, inu anyamata ndi atsikana a makompyuta amene mumati mukufuna luso lanu lithandize mzinda uno, senderani kuno ndikutsineni khutu. Pa kiyibodi sindingapikisane nanu, zala zidauma kale. Koma pa zaka zimene ndakhala mu Lusaka muno ndaona mapulogalamu ambiri akubadwa ndi nthungululu m'mahotela, nduna itadula riboni, n'kufa mwakachetechete dzinja lachiwiri lisanafike. Ndaonanso ochepa amene adakhalitsa. Owalemba onsewo adali ana anzeru, panalibe mbuli pakati pawo. Chidawasiyanitsa ndi funso limodzi limene simudzalipeza pa pepala la mayeso: mayi wa ku Kabwata akadina batani n'kutumiza dandaulo lakuti paipi ya zonyansa yaphulika pakhomo pake, mbali inayo kuli ndani woliwerenga, ndipo munthuyo ali ndi mphamvu yanji yotumiza okonza?

Njira imene mukuyendayi ena adailambula kale, ndipo ndi bwino muwadziwe. Mu 1994, mayiko ambiri a mu Africa asanaione intaneti, anthu a m'chipinda cha makompyuta pa UNZA adakhazikitsa ZAMNET, Zambia n'kukhala limodzi mwa mayiko oyambirira kuno kumwera kwa Sahara kulumikizidwa. Mu Meyi 2011 anthu anayi, a Lukonga Lindunda, a Simunza Muyangana, a Silumesii Maboshe ndi a Bart Cornille, adayamba BongoHive. Lero mukamva dzinali mumaganiza za maofesi owala ndi mipando yofewa, koma chiyambi chake chidali kukumana chabe m'chipinda chimodzi chobwereka. Chidawasonkhanitsa ndi vuto limene mukulidziwa bwino: mwana amatuluka m'koleji atanyamula pepala lonena kuti adaphunzira makompyuta, koma ukamuuza kuti apange chinthu chogwira ntchito, thukuta kamukamu. Ndiye adayamba kuphunzitsana okhaokha. Chaka chomwecho, pa masankho a mu Sepitembala amene adalowetsa a Michael Sata m'boma, padali Bantu Watch, njira yoti nzika zizitumiza mauthenga a zimene zikuona kumalo oponyera voti. Idamangidwa pa Ushahidi, pulogalamu imene anzathu a ku Kenya adapanga mu 2008 pa nthawi ya ziwawa za pambuyo pa masankho. Kenaka mnyamata wina wa m'gulu lomwelo adaika m'foni chikalata cha malamulo aakulu a dziko amene ankakonzedwa masiku amenewo, kuti munthu aziwerengere yekha m'malo mouzidwa ndi andale. Mu 2012 atsikana atatu, Ella Mbewe, Regina Mtonga ndi Chisenga Muyoya, adayamba Asikana Network atatopa ndi kukhala okha pakati pa amuna, ndipo Facebook itasankha Zambia kukhala dziko loyamba la Internet.org mu Julayi 2014, pulogalamu yawo ya ufulu wa amayi, WRAPP, idali m'gulu la zimene munthu ankatsegula popanda kulipira.

Anthu ambiri mwa amenewa ali moyo, ali mumzinda muno, ndipo si ovuta kuwapeza. Kawafunseni zimene zidakanika, poti zimene zidatheka mudaziwerenga kale m'nyuzipepala.

Tamverani nkhani ya ku Tanzania. Bungwe lotchedwa Daraja lidayambitsa ntchito ya Maji Matone cha m'ma 2010. Nzeru yake idali yomveka: mjigo ukawonongeka m'mudzi, munthu atumize uthenga wa pafoni, uthengawo upite kwa injiniya wa madzi wa m'boma lawo komanso ku wailesi, akuluakulu achite manyazi akonze. Adayembekezera mauthenga 3,000. Pa miyezi isanu ndi umodzi adalandira 53. Makina ankagwira bwinobwino, panalibe chothyoka. Atafufuza adapeza kuti anthu sankakhulupirira kuti kudandaula kungasinthe kanthu, ena ankaopa kutchedwa oneneza akuluakulu a m'dera, ndipo wotunga madzi adali mayi pamene foni idali m'thumba la bambo. Chimene ndimawavulira chipewa anthu a Daraja n'chakuti sadabise. Adalemba poyera kuti talephera, zifukwa zake ndi izi. Kuno kwathu ntchito ikafa, lipoti lake limanenabe kuti zonse zidayenda bwino, ndiye wobwera pambuyo amakagwera m'dzenje lomwelo.

Tsopano ikani pambali pake ziwiri zakwathu. Pa 1 Disembala 2012, UNICEF ndi National AIDS Council adayambitsa Zambia U-Report. Wachinyamata ankatumiza funso pa nambala yaifupi, 878, kwaulere, pa foni iliyonse ngakhale ya mabatani. Mafunso ake adali aja mwana sangafunse mayi ake, kapena namwino amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi: za kachilombo ka HIV, za makondomu, za mdulidwe. Achinyamata adalembetsa mwaunyinji, pakuti mbali inayo kudali alangizi ophunzitsidwa, okhala pa kompyuta, amene ntchito yawo idali yomweyo yoyankha. Ina ndi Project Mwana, imene idayamba mu 2010 ku Luapula ndi ku Southern Province, n'kufikanso ku Malawi. Magazi a khanda ankachoka ku kiliniki ya kumudzi kupita ku labotale ya kutali, zotsatira n'kubwerera pa pepala, kudikira galimoto, masabata n'kumapita, pepala lina n'kusowa panjira. Khanda lobadwa ndi kachilombo silidikira masabata. Iwo adachita kanthu kakang'ono: zotsatira zija zizifika kwa namwino pa SMS. Labotale idalipo kale, namwino adalipo kale, mankhwala adalipo. Luso la makompyuta lidangofupikitsa msewu wa pakati pawo. Musananyoze kuti SMS ndi zakale, werengani ana amene adayamba kumwa mankhwala msanga chifukwa cha iyo.

Kuti mudziwe amene adzatumize uthenga ndi amene adzauyankhe, muyenera kuudziwa mzinda. Lusaka adakhala likulu mu 1935, ndipo atsamunda adammanga wa mbali ziwiri. Ku Ridgeway, ndipo pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kudali mayadi aakulu a mitengo. Anthu akuda adawamangira tinyumba tozungulira ta chipinda chimodzi ku Kabwata, ta amuna obwera kudzagwira ntchito atasiya mabanja kumudzi. Totsala mwa tinyumbato ndi timene lero mukugulamo ziboliboli ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Atsamunda adapita mu 1964 koma mzere wawo udatsala. Lero anthu pafupifupi 7 pa 10 alionse mumzinda muno amakhala kukomboni, ndipo makomboniwo sali patali: Kabulonga ali ndi Kalingalinga ndi Mtendere pambali pake, Woodlands ali ndi Bauleni, Chelstone ali ndi Kamanga, ukatsika ku Kamwala wafika ku Misisi. Misonkhano yanu yambiri imachitikira kumayadi, m'Chingerezi, pamalo pamene kapu imodzi ya khofi imadya ndalama ya ndiwo za banja lonse. Sindikuletsani, kumeneko n'kumene kuli magetsi ndi intaneti. Koma ndamvapo anyamata akukangana madzulo onse za vuto la zinyalala ku Chawama, pakati pawo palibe ndi mmodzi yemwe amene adapondako. Wolondera pageti amene adawatsegulira galimoto amakhala komweko, ndipo palibe adamufunsa. Safunsa adadya phula.

Aphunzitsi anu ena alibe digiri. Mtsikana wokhala m'kantemba ka mobile money pa Kulima Tower kapena pa City Market amaona anthu ambiri tsiku limodzi kuposa amene inu mungawafunse mwezi wathunthu. Amadziwa gogo amene amangompatsa foni ndi nambala yachinsinsi yomwe kuti amtapire ndalama, amadziwa mawu a pa sikirini amene amasokoneza anthu, amadziwa ndi nkhope ya munthu amene wangobedwa ndi uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Mguleni chakumwa, khalani naye pabenchi Loweruka limodzi. Anyamata okonza mafoni ku Katondo Street ndi ku Town Centre adzakuuzani mafoni amene anthu ali nawodi: osweka galasi, odzaza, mwini wake amafufuta app kuti apeze malo oikapo zithunzi za ukwati. App yanu yolemera ija ndiyo idzayambe kufufutidwa. Amayi a village banking amene amasunga mabuku a ngongole m'kope lachikuto cholimba adzakuuzani chifukwa chake amakhulupirira kope limene onse akuliona patebulo kuposa foni ya munthu mmodzi. Ndipo kalaliki wa ku khonsolo, uja mumamuda kuti amachedwetsa zinthu, amadziwa kuti fomu imadutsa matebulo angati ndi pamene imagona.

Za magetsi sindichulutsa, mudaziona nokha. Mu 2024 chilala chitaphwetsa Kariba, nyumba zambiri zinkakhala maola mpaka 21 pa tsiku zopanda malaiti. Chinthu chimene chimafuna foni yodula, bandulo yaikulu ndi batire yodzaza mwachipangira anthu a kumayadi, ngakhale mutalemba kuti ndi cha osauka. Kumbukiraninso makadi a e-voucher a FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu. Adayesedwa m'maboma ochepa kuyambira mu 2015, n'kufalitsidwa dziko lonse mu 2017. Pa pepala idali nzeru yabwino, koma alimi ambiri adakhala ndi khadi losatsegulidwa m'thumba mvula ikugwa, kwina netiweki kulibe, ndipo chaka chotsatira maboma ambiri adabwezeredwa ku njira yakale. Chimanga sichidikira kuti seva idzuke. Phunzirani USSD, phunzirani SMS, phunzirani kupanga chinthu chogwira ntchito netiweki ikathawa, ndipo musachite manyazi ndi pepala lomata pakhoma la msika.

Sukulu imalizeni. Pali mphekesera pakati panu yakuti pepala ndi lachabe, zonse zili pa YouTube. Zambiri zilipodi, koma masamu, kaganizidwe ka mmene nkhokwe ya zinthu imasanjidwira, ndi mwambo womaliza chinthu chovuta chimene sukuchikonda, zimenezi ambiri amaziphunzira pokhapokha mphunzitsi atawaimirira. Kaya muli pa UNZA, pa Evelyn Hone, pa ZCAS, kaya mudapita ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku Mulungushi ku Kabwe, limbikirani. Kuyambira 2018 kuli lamulo lokhazikitsa ICTAZ, bungwe lolembetsa akatswiri a ntchito imeneyi, ndipo tenda ya boma siyang'ana kuti mudaonera mavidiyo angati. Chimene ndikuti muwonjezere ndi maphunziro achiwiri amene palibe koleji imawapereka: kudziwa mmene ndalama ya boma imayendera kuchokera ku Nyumba ya Malamulo kufika pa ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu.

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndikuona munda waukulu wosalimidwa. Mpaka 2021 dera la phungu aliyense linkalandira K1.6 miliyoni pachaka ya CDF, thumba la chitukuko cha deralo. Mu 2022 idakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 idafika K36.1 miliyoni. Kabwata imalandira yake, Munali kumene kuli Chelstone imalandira yake, Lusaka Central kumene kuli Kabulonga nayonso, chimodzimodzi Kanyama, Chawama, Matero ndi Mandevu. Ndalamayi ili ndi zigawo: ina ya ntchito za chitukuko monga makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono ndi mipopi, ina ya magulu a amayi ndi achinyamata, ina yolipirira ana kusukulu zogonera komweko ndi ku maphunziro a ntchito zamanja. Mwalamulo, zofuna za anthu zimayambira ku Ward Development Committee, n'kupita ku komiti ya CDF ya dera lonse, zikavomerezedwa khonsolo n'kuitana makontirakitala. Tsono dzifunseni: wadi yanu dzina lake ndani? Wapampando wa komitiyo mumamdziwa? Chaka chatha wadiyo idapempha chiyani, idalandira chiyani? Ndayesapo kufunsa achinyamata odziwa zilankhulo zisanu za kompyuta, n'kungondiyang'ana. Malipoti a Auditor General akhala akuonetsa ndalama zogona m'mabanki osagwiritsidwa ntchito ndi nyumba zoima pa mazenera, koma malipotiwo ndi mabuku aakulu a Chingerezi cha maakaunti, owerenga ndi ochepa. Apa m'pamene mukufunika. Tengani mndandanda wa ntchito za wadi imodzi yokha. Lembani dzina la ntchito, mtengo wake, wopatsidwa tenda, tsiku loyenera kumaliza. Pitani mukaone ndi maso, mujambule. Kenaka bwezerani zimenezo kwa eni ake m'njira imene amamvera: pepala limodzi pakhoma la kiliniki, uthenga wa mawu pa WhatsApp ya amayi a mumpingo, mphindi khumi pa wailesi. Ku Nigeria, BudgIT idayamba mu 2011 ndi ntchito yofanana, kumasulira bajeti kuti munthu wamba aimve, ndipo pambuyo pake idatumiza anthu ake m'madera kukaona ngati chitsime cholembedwa m'bajeti chidakumbidwadi. Ntchito imeneyi ya kiyibodi ndi yochepa, yambiri ndi ya nsapato.

Mukamapita ku ofesi musapite ngati apolisi. Khansala ndi kalaliki akaona kuti mwabwera kudzawachititsa manyazi pa Facebook, fayilo idzasowa. Ambiri mwa iwo nawonso amavutika ndi mapepala osasanjika, ndipo mwana wobwera n'kuwathandiza kukonza mndandanda wawo amamtsegulira zitseko zimene kalata sikadatsegula. Koma dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la Access to Information lidasainidwa mu Disembala 2023, anthu atalimenyera zaka zoposa 20. Lamulo losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri. Phunzirani kulemba pempho, sungani tsiku limene mudapereka, sungani yankho kapena kusayankhako, ndipo muziuzana kuti ofesi iti imayankha. Musaiwale kuti nkhani imene idagwedeza dziko mu 2017 idalibe app. Adali manambala awiri okha: magalimoto ozimitsa moto 42, ogulidwa madola 42 miliyoni. Aliyense, ngakhale kondakitala wa basi, adatha kugawa yekha. A Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo adamangidwa atachita zionetsero kunja kwa Nyumba ya Malamulo tsiku lowerenga bajeti, ndipo khoti lidawamasula mu Disembala 2018. Nambala imodzi yoona, yonenedwa mwachidule, ili ndi mano. Choncho nambala yanu ikhale yoona, muiyese kawiri, chifukwa mukalakwitsa kamodzi otsutsana nanu adzakhala akuikumbutsa zaka khumi.

Kolera nayo ikukudikirani dzinja lililonse. Mliri wa mu Okutobala 2017 udayambira kukomboni ya Chipata ndi ku Kanyama. Wa 2023 mpaka 2024 udali woopsa kuposa, odwala adapitirira 20,000, omwalira cha m'ma 700, National Heroes Stadium idasanduka chipatala, ndipo sukulu sizidatsegulidwe mpaka Febuluwale. Chifukwa chake si chinsinsi: pansi pa Kanyama pali thanthwe lobooka, madzi ali pafupi, chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya zimamwetsana mvula ikagwa. Wogwira ntchito ya zaumoyo amafuna kudziwa kuti zitsime zili pati, mipopi yogwira ntchito ili pati, ambulansi ingalowere njira iti m'dera lopanda mayina a misewu. Achinyamata a OpenStreetMap Zambia ndi a YouthMappers akhala akujambula mapu otere, ndipo amayi a Zambia Homeless and Poor People's Federation akhala akuwerenga nyumba ndi zimbudzi m'makomboni awo okha kwa zaka zambiri. Aphatikeni. Koma musanajambule, kafunseni ku kiliniki ndi ku khonsolo kuti mapuwo adzawagwiritsa ntchito ndani, pa chiyani, chifukwa mapu okongola ogona m'kompyuta ya amene adawajambula sadatsekepo chitsime.

Ntchito yotere idzakuikirani m'manja mayina a anthu, manambala awo a foni, ma NRC, matenda awo, madandaulo awo pa akuluakulu. Opani zimenezi. Mtsikana amene wafunsa za kachilombo, kapena bambo amene wanena kuti kontirakitala wakuti adaba simenti, wakukhulupirirani ndi moyo wake. Musatenge chimene simukuchifuna. Musasunge mndandanda wa anthu pa laputopu imene mumabwereketsa msuweni wanu. Data Protection Act ya 2021 iwerengeni yonse, si yaitali kuposa mabuku amene mumawerenga a mapulogalamu. Werenganinso malamulo a Cyber Security ndi Cyber Crimes a 2025, amene adalowa m'malo mwa la 2021, ndipo maloya, atolankhani ndi mabungwe ambiri adawadandaula kuti akupereka mphamvu zambiri zomvetsera anthu. Kaya mugwirizana nawo kaya ayi, akukhudzani. Tsiku la masankho, pa 12 Ogasiti 2021, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidatsekedwa. Inu mudathamangira ma VPN, ndipo mudachita bwino, koma amene adatengera ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mafoni ndi intaneti, ku High Court n'kupeza chigamulo choti zitsegulidwe adali maloya a Chapter One Foundation. Ndiye gulu lanu lisakhale la olemba mapulogalamu okhaokha. Mukhale loya, mtolankhani, namwino, mphunzitsi, munthu wa maakaunti. A Bloggers of Zambia, a Panos amene adayendetsa iVerify, ntchito yofufuza nkhani zabodza, pa masankho omwewo, a Transparency International Zambia, onsewa amafuna anthu a luso lanu, ndipo ali ndi zimene inu mulibe.

Gulu lokha lili ndi mwambo wake. Liyendetseni monga amayi anu amayendetsera chilimba: tsiku lokumana ndi lodziwika, aliyense amaponyamo, aliyense imamfika nthawi yake yolandira, ndipo wongobwera kudzatenga sachedwa kudziwika. Mwezi uno wina aphunzitse anzake zimene akudziwa, mwezi wamawa wina abweretse ntchito yake yokanika kuti onse aione. Malo asakuvuteni: kalasi ya sukulu Loweruka masana, holo ya tchalitchi ku Chilenje, khonde la nyumba ya wina ku Chelstone imene ili ndi sola. Chimene chidapha magulu ambiri amene ndidawaona ndi alawansi. Anthu akazolowera kuti msonkhano ndi wa kuhotela, wa chakudya cha masana ndi envulopu ya thiransipoti, tsiku limene envulopu isowe mudzatsala awiri. Ma hackathon sindidana nawo, ndi pomwe ambiri mumadziwirana, koma usiku uwiri wa pizza sumanga chinthu chimene chipatala chingadalire. Opambana amajambulidwa atanyamula cheke chachikulu, Lolemba aliyense wabwerera kwawo. Funsani okonza mpikisanowo kuti vutoli adalibweretsa ndani, ndipo mwini vutoyo adzakhalapo kodi miyezi itatu ikatha. Zimene mwalemba muzisiye poyera, ndi malongosoledwe ake, kuti mukapeza ntchito ku Johannesburg kapena ku Nairobi wotsala apitirize. Ndaona mawebusayiti abwino akufa chifukwa chakuti mawu achinsinsi adapita ndi munthu mmodzi, kapena palibe adakumbukira kulipira dzina lake chaka chitatha.

Ndalama za mabungwe akunja landirani ndi manja awiri, koma muziwerenga zala. Zimabwera ndi nyengo yake ndi mawu ake okondedwa: chaka chino zonse zikhale za nyengo, chaka chamawa zonse zikhale za AI. Mukamasintha vuto lanu kutsata mawuwo mudzatha zaka khumi mulibe chimene mudamaliza. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, ndipo mumzinda muno anthu ambiri a ntchito za zaumoyo, a makompyuta omwe, adauzidwa kuti akhale kunyumba. Chakudza sichiimba ng'oma. Musanayambe, werengani kuti chinthucho chidzadya ndalama zingati pa mwezi wothandizayo akapita, ndipo adzalipire ndani. Ndiponso palibe chamanyazi kugwira ntchito kubanki kapena ku kampani ya mafoni masana, n'kumathandiza wadi yanu madzulo. Lendi ya ku Kabwata silipiridwa ndi chikondi cha dziko, ndipo munthu wanjala sachedwa kugulidwa ndi chipani nthawi ya kampeni kuti azilemba mabodza pa mapeji abodza. Ena mwa anzanu adalowera kumeneko, mukuwadziwa.

Chilankhulo musachipeputse. Mumaseka ndi kukalipirana m'Chinyanja ndi m'Chibemba, koma mukatsegula kompyuta zonse zimasanduka Chingerezi. Agogo anu akulandira ndalama ya thandizo la boma kapena penshoni pafoni m'mawu amene sawamva, ndiye amapereka nambala yachinsinsi kwa mlendo. Pa UNZA, a Claytone Sikasote ndi anzawo akhala akusonkhanitsa mawu olankhulidwa a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi mu ntchito ya Zambezi Voice, kuti makina aphunzire kumva zilankhulo zathu. Ntchito imeneyi ikufuna makutu ndi malilime ambiri. Ndipo mukamamasulira, lembani Chinyanja chimene amalankhula ku Soweto Market, muchiyese pa ogulitsa tomato. Akakwinya nkhope, sinthani.

Za ang'ono anu ndiye ndikupemphani mwapadera. Phunziro la makompyuta litakakamizidwa ku sekondale, mayeso oyamba a Giredi 9 mu 2015 adachititsa manyazi dziko: makompyuta ochepa, magetsi othawathawa, ana kudikirana pamzere mpaka usiku. Kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere, makalasi adzaza, ndipo m'sukulu zambiri ana angapo amaunjikana pa kompyuta imodzi, mphunzitsi akujambula mbewa ya kompyuta pa bolodi ndi choko. Mwana wa ku Kamanga kapena ku Bauleni amene angadzathetse vuto la komboni yake bwino kuposa inu ali m'kalasi yoteroyo, ndipo sadziwa kuti BongoHive iliko, ngakhale atadziwa ndalama ya basi alibe. Mtsikana ndiye zake zimachuluka: msonkhano wanu ukatha usiku, mchimwene wake amatsala, iye amayenera kufika pakhomo dzuwa lisanalowe, ndipo akalimba mtima kubwera amapeza nthabwala zimene simukadanena pamaso pa mlongo wanu. Sinthani nthawi, sungani pakamwa, ndipo wamkulu amene akuvutitsa atsikana m'gulu mchotseni ngakhale akhale katswiri wotani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Loweruka likubwerali pitani pa sukulu imene mudaphunzira, mukaonane ndi ahedi, muwapemphe kalasi imodzi ndi ana khumi, asanu akhale atsikana, ndipo muwauze tsiku limene mudzabwerenso.